Mendulo Ibwera Mawa

— Halo?

— Halo, mayi a Hye-ran? Ndine.

— Ndikudziwa kuti ndinu. Lankhulani msanga, m'manja muli mchere wokhawokha.

— Mwadya?

— Ndadya. Inu?

— Pang'ono. Amayi adya?

— Adya, agona.

— Chifuwa chija?

— Chikadalipo.

— Nanga Hye-ran wabwera kusukulu?

— Bambo a Hye-ran, mwachoka pano m'mawa womwewu. Palibe wabadwa, palibe wamwalira. Kabichi wa kimchi, ndiwo yosungira chisanu, wadzaza bwalo lonse, wina sindinathire mchere, dzuwa likupita. Mwaimba kuti muwerenge anthu?

— Ndili m'kanyumba ka foni, pa siteshoni ya basi. Khadi yatsala pang'ono.

— Ndiye mukuithera pa moni? Amakuitanirani chiyani ku ofesi ya asilikali kuja?

— Andionetsa mendulo.

— Ya ndani? Inu kuusilikali munkangosenda mbatata.

— Ya bambo anga.

— ...

— Halo? Mulipo?

— Ndilipo. Mwati ya ndani?

— Ya bambo. Dzina alemba pakabokosi, Pyo Man-sik. Ndi yamkuwa, yozungulira, kukula kwake ngati kukamwa kwa kakapu komwera mowa wa soju. Kansalu kolendewetsera n'kachikasu. Pakati pali mapu a dziko lathu, kuseri kwa mapuwo zipolopolo ziwiri zopingasana, m'mbali masamba.

— Ehe.

— Koma mapuwo, mayi a Hye-ran! Dziko lonse lathunthu. Kumpoto ndi kumwera pamodzi, mzere wapakati uja palibe.

— Anaiwala kuujambula?

— Akuti anaikonza nkhondo ili m'kati, pamene anthu ankati zitha posachedwa, tikhala amodzi. Ankapatsa amene anamenya nawo. Ya bambo inasowa woilandira, poti amayi anali atathawa kale kumudzi, ine ndili m'mimba.

— Chabwino. Mwaiona, mwasangalala. Ikulungeni mu mpango, tidzaibisa pansi pa zovala. Amayi anu asaione. Mukuwadziwa, akaona chinthu chokhala ndi dzina limenelo sagona mwezi wathunthu.

— Sanandipatse.

— Ndiye anakuitanirani kukaonerera?

— Akuti imaperekedwa m'manja mwa wamasiye.

— Wamasiye ndani? Mawu amenewo m'nyumba muno satchulidwa. Bambo anu anagwidwa, ali kumpoto, tsiku lina adzawoloka. Si mmene timanenera?

— Awapeza.

— Mwati?

— Mafupa. Akhala akukumba paphiri lina pomwe panali nkhondo yoopsa. Pambali pa mafupawo panali chidindo chawo cha dzina, chamwala. Ndachigwira ndi dzanja langali. Akuti anafa chaka choyamba chomwecho. Ine ndisanabadwe.

— Mayo ine!

— Sanawoloke n'komwe. Anali mbali ino nthawi yonseyi.

— Chibwerereni pakhomo pano, madzulo alionse ndimapakula mbale ya munthu amene sindinamuonepo. Kuivindikira, kuilowetsa pansi pa bulangeti pamalo pofunda paja, kuti akatulukira apeze mpunga wotentha. M'mawa amaudya ndani mpunga wogonawo? Ine. Denga likudontha, kusamuka ayi, angadzasokere. Geti sitikhoma. Ndiye mukundiuza kuti ndakhala ndikufunditsira mafupa?

— Musalankhule choncho.

— Ndilankhule bwanji?

— Inenso ndili ndi changa. Anzanga chaka chilichonse amagwadira bambo awo pa jesa, mwambo wokumbukira akufa, kuwaikira chakudya. Ine, mwana wamwamuna yekhayo, sindinagwadepo. Mzimu wawo wakhala ndi njala zaka makumi asanu.

— Njala? Mbale imadzaza tsiku lililonse!

— Imeneyo ndi ya wamoyo. Wakufa sadya wobisa m'bulangeti, mukudziwa inunso. Supuni iimikidwe pakati pa mpunga, chitseko chitsegulidwe, tigwade. Tikatero ndiye amadya.

— Ndiye ine ndiimike supuni m'mbale imeneyo amayi akuona? Tsiku limenelo mukumbiretu manda achiwiri. Mukuganiza chimawadzutsa m'mawa n'chiyani? Mankhwala aja? Amadzuka kukasesa pageti. Amakhala pa TV kufufuza amuna awo pankhope za nkhalamba za kumpoto zija, mphuno kugunda galasi.

— Ndikudziwa.

— Simukudziwa, mumakhala kuntchito. Mverani. Chisanu chipite kaye, chifuwa chithe. Tidzawauza pang'onopang'ono, kapena osawauza n'komwe. Jesa yanuyo mukachitire kwa asuweni anu, chakudya ndidzaphika ine, ndidzati ndi cha kuukwati.

— Akubwera mawa.

— Ndani?

— Asilikaliwo. Ndi wojambula zithunzi. Adzawapatsira pabwalo pathu, mendulo ndi chidindo chomwe.

— Mawa?

— M'mawa.

— Ndipo inu mwavomera?

— Wondiuzayo anali mkulu wa nyenyezi paphewa. Anaimirira, kuvula chipewa, kundiweramira ine mpaka mutu kufika patebulo. Ati pepani tachedwa. Ndikanati chiyani? Nanenso ndinawerama.

— Munawerama! Amayi anu mwawagulitsa ndi msana. Bwererani mukawauze asinthe tsiku.

— Atseka kale. Ndipo akuti auzanso oyandikana nafe kuti adzakhalepo.

— Ndiye kwerani basi. Mudzawauze nokha madzulo ano, asadzamvere pagulu, kamera ili kumaso.

— Basi inabwera. Ndinafika pachitseko, n'kubwerera.

— Kwerani ina.

— Sindingathe, mayi a Hye-ran. Akandiyang'ana amati ndili ndi chipumi cha bambo. Ndiyambira pati? Ndigona kwa asuweni kuno, ndidzabwera nawo limodzi m'mawa.

— Mwamwa eti?

— Kabotolo kamodzi.

— Ndi amayi anu, si anga!

— Koma amamva inu. Mumawasambitsa ndinu, mumawameta zikhadabo ndinu. Ine amangondiona ngati mlendo wolemekezeka.

— Ndiye mphoto yanga ndi imeneyi? Inu akuweramireni, ine ndikaphe nkhalamba?

— Mungoyamba ndi mendulo. Muwauze kuti ndi yokongola, kuti boma silinawaiwale. Muwauze za mapu aja opanda mzere, mwina...

— Mapu! Munthu wadikira mwamuna, ine ndimupatse mapu?

— Foni ikulira, khadi yatha. Mundikhululukire, ndidza...

— Bambo a Hye-ran! Musandichite zimenezi! Halo? Halo?... Aa, amayi, mwadzuka? Ndakudzutsani ndi phokoso. Bwererani m'kati, kunja kuno kukuzizira. Anali mwana wanu, wachedwa kutauni. Akuti mawa kubwera alendo... Asilikali, amayi... Eya, za bambowo... Ayi, sananene kuti abwera nawo. Amayi, takhalani pansi kaye, pali zoti... Chovala chiti? Cha paukwati chija? Chili pansi m'bokosi... Ndamva. Ndichisita. Tsitsinso ndikupesani. Ndimalize kaye kabichiyu asanafote. Tandipatsirani mchere uwo.