Tsitsi la a Tarlochan m'Chisa cha Mpheta

M'mudzi wina kufupi ndi mzinda wa Jalandhar, a Tarlochan Singh ankasunga m'kansalu tsitsi lililonse lotsalira m'chipeso chawo, kuti likachuluka aliwotche mwaulemu monga amachitira munthu wosamala wa chipembedzo cha Asikhi. M'mawa wina, asanamange nduwira, anapeza kansaluko kulibe.

"Mayi a Manjit, tsitsi langa lili kuti?"

A Nachhattar Kaur, akazi awo, anasiya kukanda ufa wa chapati n'kuwayang'anitsitsa.

"Kumutu."

"Ndikunena lothothoka lija."

"Mukanatero. Kansalu kananyowa, ndiye ndinaliyanika pawindo."

"Pawindo palibe."

"Eya, linapita."

"Ndi mphepo?"

"Ndi mpheta. Mphepo ilibe mlomo."

Mayiwo analoza ndi chibwano pamtanda wa khonde, pomwe panali chisa chatsopano. A Tarlochan anaima pansi pake manja ali kumbuyo.

"Tsitsi ndi mphatso ya Mulungu," anatero. "Silitayidwa ngati zinyalala."

"Sinataye. Yamangira nyumba."

"Liyenera kuwotchedwa basi."

A Nachhattar anapukuta manja, n'kubwera ndi machesi.

"Tiwotche khonde lokha, kapena ndiyambe kutulutsa katundu?"

"Ndati tsitsi, mayi inu."

"Mulitu mazira. Ndipo ife mazira sitidya."

A Tarlochan anapuma mozama. "Chabwino. Kuliponya m'madzi oyenda n'kololedwanso. Tipita nalo kungalande."

"Mpheta sisambira."

"Mpheta sikupita nawo."

"Ndiye mukaiuze nokha. Ine sindiyamba."

"Bweretsani makwerero. Ndikalisolola limodzilimodzi, mazira osawakhudza."

"Bondo lanulo linakana kukwera basi yopita ku Amritsar. Likwera apa?"

"Tsitsi langa siligona panja ine ndili moyo."

Atayesa kuponda poyamba, bondo linalira. A Tarlochan anatsika mwakachetechete n'kugwira makwerero ngati ndi zomwe ankafuna kuyambira kale. Mayiwo anakwera, nasuzumira m'chisa, mpheta ikuwakalipira ili pawaya.

"Lilimo?"

"Lonse. Yayala bwino zedi, mazira akhala ngati ali pathonje."

"Musandiuze za thonje. Ndikufunsa za tsitsi."

"Ndi lomwelo ndikunena. Loyera mbee, lakuda ngakhale limodzi mulibe."

 A Tarlochan anasisita ndevu, nayang'ana kumsewu ngati kukudutsa munthu.

"Loyera?"

"Ngati mkaka. Ndiyambe kusolola?"

"Tsikani," anatero. "Limenelo si langa. Mukuvutitsa mbalame yosalakwa."