Malaya Odulidwa Kumsana

Pa siteji ya basi, bambo wina wa tepi m'khosi anaima kumbuyo kwa mtsikana amene malaya ake anali odulidwa kumsana.

"Mwananga, malaya anuwa ang'ambika kumbuyoku. Ndine telala, ndikhoza kukusokerani."

"Zikomo bambo, koma awa sasokedwa. Adula ndi aphunzitsi anga. Ndikuphunzira kuyendetsa ndege zing'onozing'ono, zokwera anthu awiri zija. Tsiku limene wauluka wekha koyamba, amakudula malaya, ndipo ine ndi lero."

"Nokhanokha m'mwambamo? Aphunzitsiwo ali kuti?"

"Tinayamba tauluka limodzi. Titatera, anangotsegula chitseko n'kutsika, amvekere, 'Kazungulire kamodzi ubwere.' Sakuuziratu, kuopa kuti ungachezere kuganiza."

"Mtima unali m'malo?"

"Poyamba ayi. Koma kandegeko kanapepuka, kananyamuka msanga, mpaka ndinapezeka ndikuyimba. Mantha anabweranso potera, poti panalibe wondigwirira."

"Ndinu wolimba mtima, mwananga. Ine mwana wanga wamkazi wandivutitsa chaka chonse ndi nkhani ya ndegeyi. Ndimamuuza kuti akhale pa makina azisoka, pansi sipagwetsa munthu. Pano sakundilankhula."

"Mubwere naye adzalawe. Poyamba sakhala yekha, aphunzitsi amakhala pambali pake, iye n'kumangogwirako pang'ono."

"Tatembenukani ndionenso kumsanako."

"Onani."

"Ayi, ndege amaidziwadi aphunzitsi anuwo, koma kudulaku akhotetsa. Mukawauze kuti likadzafika tsiku la wangayo, sizasi ndidzagwira ndekha."