Kabango ka Nambala Wani

Pa siteji ya basi, bambo wina wachikulire ankaunika kachidutswa ka bango padzuwa. Mayi amene anakhala naye pabenchi analephera kuugwira mtima.

"Pepani bambo, kameneko n'kotokosera m'mano?"

"Ayi mayi, ndi kabango ka kilarineti, chitoliro chakuda chija cha oimba bandi. Mukauzira kamanjenjemera, mawu n'kutuluka."

"Nanga nambala yalembedwapoyo?"

"Imanena kulimba kwake. Bango lokhwima, louma bwino, lopalidwa mosiya mnofu wambiri, limafuna mlomo wamphamvu. Ine zaka makumi atatu ndinkaimbira nambala folo."

"Koma apa alemba wani."

"Sitiroko inandipha mlomo mbali iyi. Ndinatsikira pa firii, kenako thuu. Aka ndi ka ana ongoyamba kumene, komabe mpweya ukungothawira m'mbali."

"Simungapeze kofewa kuposa apa?"

"Kulibe. Dzulo ndinapala kabango kena ndi lezala mpaka kumaonekera kuseri. Kanangolira kamodzi ngati mwana wa mbuzi, n'kung'ambika."

"Ndiye ingopumani, bambo. Mwaimba mokwanira."

"Mwana wanga wamkazi akukwatiwa Loweruka lino. Ndinamulonjeza akadali wamng'ono kuti polowa m'tchalitchi, womuimbira ndidzakhala ine."

"Mwamuuza za mlomowu?"

"Ndinapita kuti ndikamuuze. Ndinamupeza akuyesa diresi, ndipo ndisanakhale n'komwe pansi anati, 'Ababa, mwasankha nyimbo iti?'"

"Ndiye inu munati chiyani?"

"Ndinamutchulira nyimbo, mayi."