Wodzagogoda Bokosi la Bambo Cyril Dunphy

Mwaswera bwanji omvera athu a ku Woolloomooloo? Yakwana nthawi ya zilengezo zanu. Kwezani wailesi pang'ono kuti a kuseri kwa khoma amve nawo.

Lolemba

Mayi Noreen Dunphy a mu msewu wa Forbes akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti amuna awo, Bambo Cyril Dunphy, adatisiya dzulo kunyumba kwawo atadwala chifuwa nthawi yaitali. Malemuwa adagwira ntchito ku doko lokonzera sitima zankhondo kuyambira ali mnyamata mpaka imvi. Uthengawu ufike kwa mwana wawo Maureen ku Newcastle, achimwene a malemuwa a Vince ku Lithgow, ndi onse a kwa Hanrahan ku Glebe. Mwambo wa maliro udzachitika Lachisanu m'mawa ku tchalitchi cha Katolika cha kuno, ndipo thupi lidzaikidwa m'manda a ku Botany. Chilengezochi chachokera kwa mkazi wa malemu, Mayi Noreen Dunphy.

Mayi Dunphy omwewo akufunafuna Bambo Salvu Buttigieg, obadwira ku Malta, amene kale ankakhala khomo loyang'anizana ndi lawo. Ndi bambo aafupi, a mapewa otambalala, ndipo chala chimodzi cha kumanzere chidaduka. Adasamuka nyumba za mbali yawo zitagwetsedwa, ndipo akazi awo atamwalira adasiyiratu kubwera. A Salvu ankakhoma misomali yamoto kunja kwa sitima, a Cyril ali m'mimba mwa sitimayo atatsamiza chitsulo kumbuyo kwa msomali. Tsiku lonse sankaonana, ankalankhulana pogogoda basi. Wam'kati sankatuluka mpaka mnzake atagogoda kawiri, n'kupuma, n'kugogodanso kamodzi, kutanthauza kuti taweruka, iye n'kuyankha chimodzimodzi. Paja munthu wa ku doko saikidwa m'manda mnzake asanagogode chomwecho pa bokosi lake. Mayi Dunphy akuti: "Alamu, mnzanu akadali m'kati. Bwerani mudzamuwerutse." Chilengezochi chachokera kwa Mayi Noreen Dunphy.

Lachiwiri

Bambo Arthur Pascoe, wapampando wa gulu la opuma ntchito ku doko, akuitanira mamembala onse ku msonkhano mawa masana ku holo ya mu msewu wa Dowling. Nkhani ndi imodzi yokha, yopeza a Salvu. Apempha kuti tiwerenge mawu awo mmene alili, ndiye akuti: "Noreen, mlongo wanga, chisoni chakusokoneza. Gonthi amamuitanira pa wailesi? Nyundo idatidya makutu tonsefe, koma kwa Salvu idanyambita ndi mbale yomwe. Sitima italira m'chipinda mwake angoti kunja kwachita kamphepo. Nanu madala, mubwere mutavala timakina tanu ta m'makutu, osati kutisiya m'dirowa n'kumangogwedeza mitu ngati nkhunda." Chilengezochi chachokera kwa Bambo Arthur Pascoe.

Mayi Noreen Dunphy amva kuti a Pascoe adzipereka kugogoda okha a Salvu akapanda kupezeka. Akuthokoza, koma akana. Akuti: "Arthur, masabata otsirizawa Cyril ankagogoda chitsulo cha bedi ndi supuni, n'kuika chikhatho pakhoma kudikira yankho. Ndinkazemba kupita kuseri kwa khomalo kukagogoda ine. Iye n'kuseka, amvekere, 'Dzanja limenelo n'lako, Noreen, lidazolowera kuswa mazira.' Ukagogoda iwe adziwanso." Akupempha aliyense wa makutu abwino amene adawaonapo a Salvu kuti afike kunyumba kwawo, ketulo ili pamoto. Chilengezochi chachokera kwa Mayi Noreen Dunphy.

Lachitatu

Mayi Thelma Quong, ogulitsa nsomba ndi tchipisi ku Waterloo, akudziwitsa banja lofedwa kuti bambo wina woduka chala amadzagula kwa iwo Lachisanu lililonse madzulo. Salankhula, amangoloza, kenaka n'kulowa m'nyumba yaitali yansanjika ili kuseri kwa sitolo yawo. Khomo lake sakulidziwa. Akuti: "Tikati timudikire, adzafika maliro atatha. Nyumba ija zitseko zake zili ngati chisa cha njuchi. Ndafunsa m'chikepe, ndafunsa kochapira zovala, aliyense akuti amangomuona." Chilengezochi chachokera kwa Mayi Thelma Quong.

Gulu la opuma ntchito ku doko likudziwitsa onse okhala m'nyumba yansanjika yatchulidwayi kuti mawa m'mawa asadzidzimuke akamva kugogoda m'mapaipi a madzi ndi pa zitsulo za makwerero. Si akuba, ndipo palibe chimene chawonongeka. Kugogoda zitseko n'kutaya nthawi poti wofunidwayo sangamve, koma munthu wa ku doko amamvera m'chikhatho ndi m'mapazi. Madalawa adzayambira pansi kumka pamwamba. A Pascoe akuwonjezera kuti: "A makanda mutikhululukire. Wofuna kuitana apolisi awauze abwere ndi nyundo zawo, manja atichepera." Chilengezochi chachokera kwa Bambo Arthur Pascoe m'malo mwa gulu lonse.

Loweruka

Mayi Noreen Dunphy, pamodzi ndi mwana wawo Maureen, akuthokoza onse amene adawakhuza maliro, amene adabweretsa masangweji ndi makeke, ndi a nyumba zoyandikana amene adabwereketsa mipando mpaka anthu kukhala mumsewu. Akudziwitsa amene sadathe kufika kuti a Salvu adapezeka. Madala aja anali atatsala pang'ono kufika pamwamba penipeni pamene paipi idawayankha. A Salvu ankatsuka kapu, dzanja lili pa mpopi. Adatuluka thovu lili m'manja, akukuwa: "Ndani akugogoda ngati wophunzira ntchito? Pascoe, ndiwe? Nanga Cyril ali kuti?" A Pascoe adangovula chipewa.

Dzulo m'tchalitchi a Salvu adatulutsa nyundo yawo yakale m'thumba la jekete. Adagogoda bokosi kawiri, n'kupuma, n'kugogodanso kamodzi. Kenaka adaika chikhatho pa thabwa kudikira yankho, monga ankachitira pa sitima. Adadikira, wansembe naye n'kudikira, a Salvu osachotsa dzanja pa thabwapo. Pamenepo Mayi Dunphy adazungulira mbali inayo ya bokosi nagogoda ndi mphete yawo yaukwati. A Salvu adadzutsa mutu nati: "Dzanjali n'lanu, alamu. Koma zamveka. Mnyamuleni, waweruka."

Pomaliza, Mayi Dunphy akupempha womvera aliyense wa m'nyumba yansanjika ija kuti akwere pamwamba, akagogode paipi ili pafupi ndi khomo lotsiriza, ndipo a Salvu akatsegula akawauze moyang'anana nawo, pang'onopang'ono, kuti mawa masana nyama yankhosa yowotcha ikuwadikira mu msewu wa Forbes. Mpando wa a Cyril uli pomwe paja, pafupi ndi zenera loyang'ana ku doko. Asadzavutike n'kugogoda, chitseko chidzakhala chotsegula. Chilengezochi chachokera kwa Mayi Noreen Dunphy.