Mayi Amene Anaika Nkhata Pamodzi Nane

Omvera anzanga, ndimakhala ku Kabwata, ndipo ndinakula ndikudziwa kuti amayi anabala ine ndekha. Tsiku lowaika m'manda, mkulu wa mpingo anaitana ana a malemu kuti aike nkhata. Nditaimirira, anaimiriranso mayi wina wachilendo, nkhope yake ngati ya amayi ali mtsikana. Anagwada pambali panga akulira kuti, "Amama, mwandisiya kawiri." Pomaliza nyimbo, anali atapita.

Nditafunsa amalume za mayiyo, anandiyankha kuti, "Iwe, usakafunsenso, wamvela?"

Ndimapemphera kwa Mulungu woona zobisika, koma mantha sanandichoke. Ngati ndinudi mkulu wanga ndipo mukumvetsera, bwerani. Ndikuopabe, koma ndidzakutsegulirani chitseko.