Chitseko cha Mbali ya Mayi

Pamzere wa pashopu ya zitsulo zakale za galimoto, dzuwa likuswa mtengo. Bambo wa imvi wagwira chogwirira chitseko chothyoka. Kumbuyo kwake kuli dalaivala wa takisi.

"Achikulire, chimenecho n'cha galimoto kapena cha sutikesi?"

"Cha galimoto, achimwene. Zija za mipando iwiri, zopanda denga. Yofiira. Ndikuikonza ndekha kuseri kwa nyumba."

"Imayenda?"

"Ili pa njerwa. Nkhuku zikuikira mazira m'buti."

"Ndiye mwayambira chitseko? Yambani injini, bambo!"

"Injini idikira. Chitseko cha mbali ya akazi anga sichinatsegukepo chiigulireni. Tili pa chibwenzi ankachita kulumpha, nsapato m'manja, akuseka."

"Basitu, alumphenso."

"Miyendo inafa chaka chatha. Sitiroko."

"Pepani, achikulire. Pakamwa pangapa."

"Palibe kanthu. Tsiku lililonse amati, 'Bambo a ana, kandikhazikeni m'galimoto muja.' Ndayesa kuwanyamula kuti ndiwadutsitse pamwamba, msana wakana. Chitsekocho chitseguke basi."

"Koma poti siyenda, mupita nayo kuti?"

"Kulikonse kumene anene iwowo. Ine ndizigwira chiwongolero, iwo azindikalipira kuti ndikuthamanga kwambiri."