Mayi Mapapo Akupita Kokapuma

A Mkulu wa sukulu yathu ya ukachenjede, akuluakulu a nthambi, anzanga apantchito, bambo akunyumba kwa Mayi athuwa, ana ndi adzukulu awo, ndakupatsani moni nonse. Anandipempha kuti ndiyankhule zokoma zokhazokha. Sindinavomere.

Mayi awa timawatcha Mayi Mapapo. Atangoyamba ntchito anapatsidwa makina aja osuta ndudu, amene timayezera poizoni wa mu utsi. Anawayatsa, n'kuiwala kutsegula paipi yotulutsira utsi, iwo ulendo kukamwa tiyi. Khonde lonse utsi tolotolo! Mpaka kunabwera ozimitsa moto. Atafika kunyumba, bambo awa ananunkhiza bulauzi n'kufunsa kuti, "Mayi, mwayamba liti?" Bambo, ndikunama? Taonani akubisa nkhope!

Nanga pulofesa mlendo uja anayatsa ndudu pageti? Mayi anamulanda pakamwa, n'kumuuza kuti, "Achimwene, chifuwa si ng'anjo." Sitinamuonenso.

Tsopano kuseka kuthere pomwepa.

Mayi awa anayenda m'masukulu kucheza ndi ana. Anapeza kuti ndudu zonunkhira ngati maswiti zikugulitsidwa imodziimodzi kuseri kwa mipanda, ndipo chibaba chikumugwira mwana asanamere ndevu. Anaona mtsikana wa pulayimale akulephera kugwira cholembera chifukwa sanasute m'mawa. Tsiku lomwelo Mayi anayamba kulemba lipoti la zimene anapeza.

Kenako kunafika anthu a kampani ina ya fodya, masuti onyezimira, akuti atimangira nyumba yatsopano. Mayi anaitanidwa ku ofesi yam'mwamba. Ine ndinalipo. Anauzidwa kuti, "Fewetsaniko lipoti lanu. Mawu oti ana achokemo." Iwo anayankha kuti, "Ndikachotsa ana, ndilembe kuti zikusuta ndi mbuzi?"

Mukudziwa zimene anawachita. Anawatulutsa mu labu yawo n'kuwaponya m'kachipinda kopanda zenera, koyandikana ndi zimbudzi. Ophunzira awo ankayeza magazi ali chiimire. Nthawi yokwezedwa pantchito ikafika, dzina la Mayi linkasowa, anyamata amene anawaphunzitsa okha n'kumawadumpha. Nyumba ija inamangidwadi. Ndi ino tikudyeramo keke lero! Ena mwa amene munagwirizana nazo muli pompano, mipando yakutsogolo. Musayang'ane pansi, pansi palibe kanthu.

Lipoti linatuluka ndithu, ana ali momwemo. Makolo analiwerenga. Aphunzitsi ena anathamangitsa ogulitsa aja kumipanda. Palibe wam'nyumba muno amene anapita kukati zikomo.

Ndiye ndamva kuti Mayi akangotuluka, kachipinda kaja mukufuna kusungiramo mipando yothyoka. A Mkulu, ophunzira awo ali kumbuyo uko, kafukufuku wawo sanathe. Akamalizira kuti? Ana aja akusutabe. Funsoli ndibwera nalo ku ofesi kwanu, ndipo sindibwera ndekha.

Mayi, zikomo. Munatiphunzitsa kuti chimene wapeza uchilembe mmene chilili, ngakhale akulande mpando. Inu ana, mayi anu tinakubwerekani nthawi yaitali, ndipo sitinawasamale. Atengeni. Akagone mpaka dzuwa liwaotche kumapazi, akasewere ndi adzukulu, akapume mpweya wabwino.

Tiyeni tonse tiimirire, tiwaombere m'manja. Inu akutsogolo, yambani ndinu!